Zala Khumi za Agogo Anu

Sekani, sekani mumalize, kenaka mubwere mudzakhale pansi apa. Ndakuonani kalekale. Iwe Tadala, mkazi wanga wamng'ono, wabisala kuseri kwa chigafa koma mano ako akuwalira kuno. Iwenso Mphatso, mbuziyo unaimanga kale, usanamizire. Chikukusetsani ndikuchidziwa. Mwaona nkhalamba ya imvi ikukonzeka kugwada pamaso pa mkazi wake, beseni lili apo, kansalu kali paphewa, ndiye mumtima mukuti agogo aamuna anadyetsedwa khuzumule. Si inu oyamba. Amuna anzanga pa Chamama ananena kale zimenezo, ndipo ena mwa iwo lero amagwada kuposa ine.

Agogo anu akadali kudimba, choncho kanthawi tili nako. Ndikuuzeni za phazi lawo lamanzere, mmene linatsalira pang'ono kukatsala ku chipatala, eni ake n'kubwera kuno pa ndodo.

Ana inu mumandidziwa ngati mlimi wa pamunda panga, koma unyamata wanga wonse unathera pa ntchito ya eni. Ndinali wosankha fodya pa esiteti ina kuno kwathu konkuno. Fodya wa bale akauma m'zigafa ankabwera naye kwa ife pa tebulo lalitali, ife n'kumapatula tsamba ndi tsamba. Lofiirira bwino uku, lothimbirira uko, lokhala ndi kadontho ka nkhungu kutali, lingaononge belo lonse. Inali ntchito ya maso ndi nsonga za zala. Kadontho kochepa ngati nsabwe ine ndinkakaona ndili chiimire. Inu a masiku ano maso anathera pa foni, ng'ombe itadutsa pakhomo pano simunganene ngati inali ndi nyanga.

Pa esitetipo pankabwera matenanti pa lole, ochokera ku Phalombe, ku Mulanje, ku Machinga, ali ndi timitolo ndi ana. Mmodzi anali a Makwinja, munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa fodya wokongola kuposa anzake onse. Anali ndi mwana wamkazi dzina lake Esinati. Chaka china a Makwinja anatuluka bala kuphazi, osapola. Anapita nawo ku chipatala, pobwerako mwendo unali utadulidwa m'bondo. Tonse tinati anaponda mankhwala pa mphambano, anthu ansanje awatchera. Tenanti wa mwendo umodzi salima, choncho banja lonse linakwera lole kubwerera kwawo, ife n'kuiwala. Dzina la mwanayo mulisunge, libweranso.

Nthawi imeneyo shuga anali mlendo wa pa Khirisimasi. Mmawa tinkadya mbatata yootcha n'kumwera madzi. Ndiwo zinali chisoso, luni, bonongwe, chilimwe chikafika mfutso. Ulendo wa ku Boma unali wapansi, kunyamuka kum'banda kucha, kukafika dzuwa litapendeka, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Kabaza kunalibe. Iwe Mphatso, amene umafuna njinga pokagula mchere pa golosale apo, ukanafera panjira.

Kenaka zinabwera zaka za makuponi. Apo n'kuti nditasiya ya ku esiteti, ndikulima wangawanga. Feteleza wotsika mtengo tinkabwera naye pa njinga, ndipo alangizi anatiphunzitsa kuthira ndi chitsekerero cha botolo, phando limodzi chitsekerero chimodzi. Mvula inagwa bwino, chimanga chinatisowetsa poika, mpaka ndinamanga nkhokwe yachiwiri. Fodya nayenso anayenda bwino ku okushoni. Pamenepo ndi pamene ine Phiri mutu unakula. Ndinalumbira kuti aNabanda, agogo anuwa, amene anavutika nane zaka zonse zija osadandaula, sadzalawanso mgaiwa. Mgaiwa tinkauona ngati chakudya cha matenanti ndi ana a sukulu zogonera komweko. M'nyumba muno munali ufa woyera wokhawokha, mitanda inayi munthu mmodzi. Shuga ndinkagula belo lathunthu, n'kumangirira kumbuyo kwa njinga osaphimba, kuti a m'njira aone. Agogo anu ananenepa, khosi linachita mizere, ndipo ndikamayenda nawo popita ku tchalitchi ndinkamva ngati ndagula galimoto. Chikomekome cha mkuyu, ana inu, m'kati muli nyerere.

Chinayamba ndi ludzu. Mtsuko wa madzi sunkakhalitsa, ulendo wa kuseri sunkatha. Thupi lija linayamba kusungunuka mpaka chitenje kumazungulira kawiri. Anthu anayamba kunong'ona za matenda ena aja, n'kumandiyang'ana ine cham'mbali ngati ndawatengera ku okushoni. Ku chipatala cha pa Boma anawabaya pachala, kamakina kanawerenga, anati ndi matenda a shuga. Kunena zoona tinasangalala. Shuga basi? Anatipatsa mapiritsi ndi malangizo, koma ife mitu inali kale pa minibasi yobwerera, ndipo chimene tinatolapo n'chakuti asiye kuthira shuga mu tiyi. Anasiyadi. Mapiritsi anamwa, atayamba kupeza bwino anawaika patsindwi, poti tinazolowera kuti mankhwala ndi a munthu wogona.

Titamaliza kuthyola fodya chaka chimenecho, tinali pa ntchito yozula mitengo yake m'munda. Agogo anu nsapato ankazisungira tchalitchi. Tsiku lina ndinaona timadontho tofiira pakhonde lozira kumene, tikutsata mmene iwo adutsa.

“ANabanda, mwaponda chiyani?”

“Palibe. Bwanji?”

Kachitsa kanali katalowa kunsi kwa phazi, iwo osamva kanthu. Dzanzi la kumapazi anali atalidandaula kwa miyezi, ine n'kumati ndi ukalamba. Tsono monga mwamuna wachikondi ndinawiritsa madzi kuti ndiwathowe. Ndinkafunsa kuti, “Akutentha?” Iwo, “Ayi, onjezani.” Ine n'kuonjezera. Kutacha, phazi lonse linali matuza. Dzanja lomweli, ana inu. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Balalo linakula, linayamba kutulutsa fungo. Titabwerera ku Boma, anamwino analitsuka bwinobwino, kenaka anandiitanira pambali.

“Bambo, shuga wakwera kwambiri, n'chifukwa chake balali silikupola. Likapitirira chonchi tidzawatumiza ku Lilongwe, ndipo kumeneko akhoza kudula.”

Pomwepo m'maganizo ndinawaona a Makwinja akukwezedwa pa lole ndi ndodo zawo.

Tsono mukudziwa kuti kwathu kuno munthu akadwala sasiyidwa yekha, ndipo wozonda sabwera chimanjamanja. Amayi a ku mpingo ankabwera mosinthana, madengu pamutu. Mabotolo a zoziziritsa kukhosi, mabanzi, mandasi, nzimbe, chigubu cha thobwa lotsekemera mpaka m'makutu. Ndipo wodwala amayenera kulawa wozondayo akuona. Ukakana ndiye kuti ukumuganizira kuti wakuikira kanthu. Agogo anu ankakondedwa mudzi wonse, choncho ankalawa kuyambira mmawa mpaka madzulo, ine ndili pambali kuwomba m'manja kuthokoza. Ife tinkati shuga woletsedwa ndi wa m'paketi uja basi.

Masana ena, amayi asanu atakhala pamphasa ndi agogo anu pansi pa mtengo wa mango uwo, kabaza anaima pakhomo. Anatsika mayi wa magalasi, chitenje pamwamba pa siketi, chikwama paphewa. Anagwada popereka moni, dzanja lina litagwira mkono. Anati akuchokera ku sukulu ya ukachenjede, akuchita kafukufuku wa mmene odwala shuga akukhalira kumudzi. Anamwino aja anali atatifunsadi ngati tingalole kuti atiyendere, ine ndinangoti eya n'kuiwala.

“Ndiye ndinu adokotala?” ndinafunsa.

“Wa mabuku, bambo, osati wa jakisoni. Ine ndimafufuza chifukwa chake malangizo a ku chipatala amathera pa geti, osafika kunyumba.” Anandiyang'anitsitsa, kenaka anamwetulira. “Kodi si inu a Phiri osankha fodya? Munkatithamangitsa tikamasewera pa mabelo. Ndine Esinati, mwana wa a Makwinja.”

Nditafunsa za bambo ake, anati anamwalira patangopita zaka zochepa chibwererereni kwawo.

“Sanaponde mankhwala, bambo. Anali shuga. Ndinadzazindikira ndili kale ku koleji, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yanga ndi imeneyi.”

Amayi aja anamupatsa botolo, pajatu mlendo sangokhala. Analandira ndi manja awiri, sanakalipe, sanakwinye nkhope. Anatsegula, n'kunyamula chitsekerero m'mwamba.

“Amayi, phando limodzi la chimanga mumathira feteleza wochuluka bwanji?”

“Chimodzi chomwecho,” anayankha onse.

“Nanga wina atachikonda kwambiri chimanga chake, n'kuthira dzanja lodzaza?”

“Chipserera,” anatero aNasoko, amene ankatsogolera amayiwo. “Amuna anga anayesapo, munda unachita ngati wadutsa moto.”

Anthu anaseka, Esinati nayenso anaseka, kenaka anati, “Thupi la mayi athuwa ndi phando limenelo. Silikuthanso kugwiritsa ntchito shuga monga kale, ndiye amangodzaza m'magazi. Wa m'botolo umu, wa mu thobwa, wa mu banzi, ngakhale nsima yomwe ikalowa m'mimba imasanduka shuga. Ndi amene wapsereza timitsempha ta kumapazi. N'chifukwa chake sakumva kuwawa, n'chifukwa chakenso bala silikupola.”

ANasoko anayang'ana dengu lawo, misozi ili lengelenge.

“Ndiye kuti ifeyo ndi amene tikuwapha anzathuwa? Tisiye kubwera?”

“Ayi mayi, mukasiya kubwera adwala kawiri. Bwerani ndithu, mungosintha za m'dengu.”

Anatchula mazira, nkhwani, nyemba, nsinjiro, usipa. Anati mitanda ikhale iwiri, masamba achuluke, mapiritsi atsike patsindwi azimwedwa tsiku ndi tsiku ngakhale munthu akupeza bwino. Potsiriza anatchula mgaiwa. Mawu amenewo anandilowa ngati munga, koma amayi onse anali kuvomera ndi mitu.

Ndinkayesa zathera pomwepo. Ayi, anatembenukira kwa ine.

“A Phiri, mapazi a mayiwa amawayang'ana ndani?”

“Eni ake.”

“Ine?” anatero agogo anu. “Msana uno ndingaupinde mpaka kuona kunsi kwa phazi? Maso omwewa achita chifunga.”

Esinati anati zimenezo anali atazipeza m'nyumba zambiri zimene anayenda. Wodwala amauzidwa kuti aziyang'ana mapazi ake tsiku lililonse, koma sangathe, ndipo palibe amamuyang'anira. “Chonsecho kuno ku Kasungu kuli amuna oona kadontho pa tsamba ali chiimire. Maso amenewo fodya akatha amangokhala. Bambo, tagwadani muliyang'ane phazili ngati tsamba.”

“Mwana wanga, pamaso pa amayi onsewa? Mawa pa Chamama andipekera nyimbo.”

Sanandikakamize. Anangonena motsitsa mawu kuti phazi la bambo ake palibe analiyang'ana kufikira litanunkha. Amene anandimaliza ndi agogo anu. Osandiyang'ana n'komwe, anati, “Asiye, mwana wanga. Akandigulira ndodo ku Boma. Si amadziwa kugula zinthu zoti anthu aone?”

Ndinagwada. Bondo ili ndi limene linayamba kufika pansi.

Ndinalitenga phazi lija m'manja, kulitembenuzira ku dzuwa monga tinkachitira ndi tsamba. Bala lalikulu linali lomangidwa, limenelo tonse tinkalidziwa. Ndinapatula zala chimodzichimodzi. Pakati pa kachala kakang'ono ndi chinzake panali kadontho kakuda, kofewa, ndipo khungu la pamenepo linali lofunda kuposa pena ponse. Pa tebulo la ku esiteti tsamba lotero ndikanalitaya kutali.

“Apa pali china,” ndinatero.

Esinati anawerama n'kuona. “Mawa mmawa ku chipatala. Musadikire tsiku limene anakulemberani.”

Tinapita. Anamwino anati kadontho kaja kanali kayamba kudyera m'kati, ndipo tikanachedwa nako zikanakhala zina. Anawagoneka masiku angapo akubayidwa jakisoni. Titatuluka, ntchito imene mumandisekayi inayamba. Madzi ndimayamba ndawayesa ndi chigongono changa, osafunsanso eni phazi. Kusambitsa, kupukuta pakati pa zala, kuyang'ana dzuwa lisanalowe. Ndinawagulira nsapato zansalu zopita nazo kumunda, ndipo asanavale ndimazikutumula, mungakhale kamwala kapena chinkhanira. Chitsekerero chija Esinati anandisiyira, ndinkachiika pambali pa bala poyerekeza. Poyamba bala linali lalikulu kuposa chitsekerero. Kenaka zinafanana. Panapita masabata awiri osasintha, ine chakudya osalowa. Kenaka linakhala ngati mtedza, kenaka ngati njere ya chimanga.

Amayi a ku mpingo sanasiye kubwera. ANasoko anasanduka wapolisi wa pakhomo pano. Mchimwene wanga weniweni anabwezedwa ndi botolo lake pa mtengo wa mango pomwepo, anauzidwa kuti akabwere ndi mazira. Mgaiwa ndinadya nawo, ndikudandaula, mpaka ndinazolowera. Lero ufa woyera ndimaumva ngati ndikudya thonje.

Tsiku limene sindidzaiwala, anamwino anamasula bandeji, anadinadina, anayang'ana kamakina kaja, n'kunena kuti, “Bambo, ulendo wa ku Lilongwe uja palibe.”

Ndinatuluka panja. Ndinakhala pansi pa mtengo, misozi n'kumangotsika yokha. Wakabaza wina anaimika njinga, anavula chipewa, anati, “Pepani bambo, atisiya ndani?” Ine ndinati, “Palibe, mwana wanga, phazi latsala.” Anandiyang'ana ngati wamisala. Chimwala chimene ndinasenza miyezi yonse ija chinatsika tsiku limenelo. Agogo anu anakana kukwera kabaza, anayenda wapansi kuchokera ku chipatala mpaka pokwerera minibasi, pang'onopang'ono, ine ndili pambuyo ngati mwana wa nkhuku.

Nyimbo anandipekeradi pa Chamama. Koma Esinati anabwerabwera chilimwe chonsecho, kusonkhanitsa ife osankha fodya akale pansi pa mtengo, aliyense ndi wodwala wa kwawo, mkazi, mayi, mlongo, ena bambo awo. Ankafunsa, n'kumalemba, n'kubweranso kudzaona ngati zikugwira. Amene ankatsogolera nyimbo ija ndinamuphunzitsa ndine kupatula zala za mayi ake. Pambuyo pake Esinati analemba chibuku chachikulu, ndipo anatipempha ngati angaikemo chithunzi cha manja anga atagwira phazi la agogo anu. Nkhope ayi, manja okha. Tinamva kuti anakafotokoza zimenezi mpaka kutsidya kwa nyanja, ndipo tsiku lina tinamumva pa wailesi akunena za madengu a ozonda odwala. ANasoko anavina pabwalo ngati atchulidwa dzina. Masiku ano amaphunzitsa anamwino.

Chaka chatha tinapita kukatenga mapiritsi, tinapeza kanamwino katsopano, kamsinkhu ngati iwe Tadala ukadzakula pang'ono. Kanandiyang'ana n'kunena kuti, “Agogo, mumalima fodya? Ndiye phazi la mayiwa muziliyang'ana ngati mukusankha tsamba. Aphunzitsi athu anatiphunzitsa choncho.” Ine ndinati, “Oo? Zikomo mwana wanga, ndikayesa.” Agogo anu ananditsina pantchafu mpaka ndinadumpha.

Shugayo sanathe, musamve molakwa. Alipo, timakhala naye ngati mkamwini wovuta, bola kumudziwa makhalidwe ake. Akutinso amatsata magazi, ndiye iwe Mphatso, masipuni anayi aja mu tiyi ndimawawerenga, usayese ndimakhala ndikugona.

Taonani uko, pa njira ya kudimba. Ndi awo akubwera, mtolo wa mpiru pamutu, khasu paphewa. Taonani mayendedwe amenewo, ana inu. Palibe ndodo. Mukuwamva? Akuti ndikukunamizani chiyani lero, ndipo madziwo azizira ndikulongolola. Tadala, kawalandire mtolowo. Mphatso, sendeza mpando kuno kuli dzuwa, ndipo uike chigongono chako m'besenimo undiuze ngati ali bwino. Useke ndithu, koma uphunzire, tsiku lina udzagwadira wako.

Khalani apa aNabanda, vulani nsapato. Tsono inu nonse werengani nane, mokweza. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, ndi kakang'ono aka kamene kanatsala pang'ono kutilanda phazi lonse, zisanu. Bweretsani linalo. Zisanu ndi chimodzi, ndi ziwiri, ndi zitatu, ndi zinayi, khumi.

Zonse zilipo. Mawa tidzawerenganso.